Caka ca Kalabu ya Kiriketi ya pa Mudzi

M'midzi yambiri ya ku England, ndiponso ina ya ku Wales ndi ku Scotland, muli bwalo lalikulu la kapinga, losalala ngati mphasa yoyala. M'mbali mwa bwalolo muli kanyumba kokhala ndi khonde, ndipo pafupi pace paima bolodi lakuda lokolekapo manambala. Mlendo akafika pa mudzi wotere tsiku Loweruka masana, m'mwezi wa Juni kapena Julayi, apeza anthu obvala zoyera zokha-zokha atamwazikana m'bwalomo. Masewera amene ali kusewerawo dzina lace ndi kiriketi.

Mwa anthu onsewo palibe ndi mmodzi yemwe wolandira malipiro cifukwa ca kusewera. Wina ndi mlimi, wina mmisiri womanga nyumba, wina mphunzitsi, wina mnyamata wa sukulu. Ndipo m'malo mwa kulandira, ali yense apereka ndalama zace ku kalabu kuti aloledwe kusewera. Mlendo uja apenyerera maora asanu kapena asanu ndi limodzi, nabwerera kwao. Koma bwalo silidzisalaza lokha, ngakhale tiyi womwedwa pakati pa masewera sadziphika yekha. Kalabu ya pa mudzi iima pa anthu owerengeka odzipereka, ogwira nchito caka conse popanda wowalemba, ndipo ambiri a iwo sakhudza mpira konse.

Ku Zambia kiriketi sadziwika monga mpira wa miyendo, ngakhale kuti anayamba kale kuseweredwa m'matauni a migodi ndi ku Lusaka. Phil Edmonds, amene anasewerera dziko la England, anabadwira ku Lusaka m'caka ca 1951, ndipo pa mpikisano woyamba wa cikho ca dziko lonse mu 1975 timu ya East Africa inali ndi osewera ocokera ku Zambia. Komabe ana ambiri sanawaone masewerawa, kotero kuyenera kuyamba ndi kufotokoza kaseweredwe kace. Wosadziwa kumene mpira upita sangamvetse cimene munthu wamkulu agwadira pa udzu ndi kuupapasa ngati wogula nsalu.

Kaseweredwe kace

Timu iri yonse iri ndi anthu 11. Pakati peni-peni pa bwalo pali kanjira kopapatiza kochedwa pichi, kutalika kwace mayadi 22, ndiko kuti mamita 20. Ku nsonga zace ziwiri azikako timitengo titatu-titatu, msinkhu wace mainchi 28, ndipo pamwamba pace asanjikapo tizidutswa tiwiri ta mtengo. Zimenezi pamodzi zichedwa wiketi. Timu imodzi ituma anthu awiri, mmodzi ku wiketi iri yonse, atagwira thabwa lomenyera mpira. Timu inayo imwazikana m'bwalo monse. Mmodzi wa iwo aponya mpira kulinga pa wiketi, ndipo womenya ayesa kuichinjiriza ndi kumenya mpirawo kuti upite kutali.

Mpira ukapita, omenya awiriwo athamanga kusinthana malo. Akasinthana kamodzi apata rani imodzi. Mpira ukakunkhulira kufikira ku malire a bwalo, ndi marani 4. Ukapyola malire uli m'mwamba, ndi marani 6. Womenya atuluka ngati mpira wagwetsa wiketi yace, ngati mdani wauwakha usanagwe pansi, ngati wachinga wiketi ndi mwendo, kapena ngati wiketi yagwetsedwa iye akali kuthamanga pakati. Woponya akaponya kasanu ndi kamodzi, imeneyo ndi ova imodzi, ndipo mnzace ayamba kuponya kucokera ku mbali inayo. M'masewera a m'midzi timu ipatsidwa maova 40 kapena kuposapo pang'ono. Maovawo akatha, kapena anthu khumi akatuluka, matimu asinthana, ndipo yopata marani ambiri ndiyo yapambana.

Cofunika kucikumbukira ndi cakuti mpira wa kiriketi ngwolimba ngati mwala. M'kati mwace muli khungwa la mtengo lokulungidwa ndi cingwe, kunja kwace cikopa cosokedwa, ndipo ulemera pafupi-fupi magalamu 160. Woponya augunditsa pansi patsogolo pa womenya, ndipo udumpha. Pansi pakakhala posalala, udumpha monga womenya ayembekezera; pakakhala tizitunda kapena timaenje, udumphira ku zala kapena ku nkhope. Mu 1998 ku Kingston, m'dziko la Jamaica, masewera akulu a pakati pa West Indies ndi England analekeka atangoponya maova khumi ndi mpira umodzi, cifukwa pichi inali yoipa ndipo omenya anali kupwetekedwa. Limenelo linali bwalo lokhala ndi anchito olipidwa. Pa mudzi udindo wonsewu uli m'manja mwa munthu mmodzi wosalandira ngakhale kobiri.

Wosamala bwalo

Munthu ameneyu kawiri-kawiri ndi nkhalamba imene inasewera pa bwalo lomwelo pa unyamata wace, ndipo tsopano inapuma pa nchito. Kwa iye caka ciyamba m'mwezi wa Sepitembala, masewera otsiriza atangotha ndipo anzace onse aika zobvala zoyera m'bokosi.

Pakati pa bwalo pali cigawo ca ngondya zinai m'mene muli mapichi angapo ondandalikana, kuti ina ikatha mphamvu asamukire pa inzace. Pofika Sepitembala cigawo cimeneci ciri ndi zipsyera: pamene oponya aponda pakumbika, ndipo pamene omenya aima udzu wafa. Tsono wosamala bwalo apala udzu wakufa ndi makina a mano, awaza mbeu za udzu watsopano, nathira pamwamba dothi la makande lobwera m'matumba, nalisalaza. Dothi la makande ndilo lifunika, cifukwa likanyowa ndi kutsenderedwa, kenaka n'kuuma, lilimba ngati pansi pa nyumba yozira bwino. Dothi la mcenga lingofumbutuka.

Nthawi ya nchito imeneyi njocepa. Ku Britain kuzizira kuyamba mu Okutobala, ndipo nthaka ikazizira mbeu za udzu sizimera. Wocedwa masabata atatu pa nyengo imeneyi adzalira m'mwezi wa Meyi, pamene pichi yace idzakhala ndi madazi. Akatha kubzala azunguliza cingwe kapena waya pa cigawoco kuti ana ndi agalu asapondepo.

Kuyambira Novembala kufikira Febuluwale ndi cisanu coopsya. Mu Disembala dzuwa lilowa ca m'ma 4 koloko, madzi aundana, ndipo nthawi zina kugwa cipale cofewa. Ngakhale kuli tero, wosamala bwalo afikabe kudzazonda. Akalulu akumba maenje, mfuko ziunjika dothi, nyongolotsi zitulutsa timiulu ta matope, ndipo masamba a mitengo akaunjikana aoletsa udzu. Aboola nthaka ndi cifoloko kuti mpweya ndi madzi zifike ku mizu, natumiza makina omwetera kuti akanoledwe mipeni.

Makedzana nchitoyi inali yowawa koposa. Makina omwetera kapinga anapangidwa koyamba ndi Edwin Budding m'caka ca 1830. Asanafale, udzu anali kuumweta ndi zikwakwa kapena kuudyetsa nkhosa, ndipo nkhosazo zinali kudya ngakhale pa Lord's, bwalo la ku London lochuka koposa onse. Cigudumu cacitsulo cotsendera nthaka cinali kukokedwa ndi kavalo wobvekedwa nsapato za cikopa, kuti ziboda zace zingaboole kapinga.

Msonkhano wa m'cisanu

Bwalo liri cigonere, a kalabu acita msonkhano wao wa pa caka. Pamenepo asankha wa pa mpando, mlembi, msungi wa cuma ndi akapitao a matimu. Kunena zoona, kusankha kweni-kweni sikucitika kawiri-kawiri, pakuti ofuna maudindowa ngocepa. Munthu amene anabvomera kugwirizira caka cimodzi cokha apezeka akalipobe tsitsi litayera.

Msungi wa cuma awerenga ndalama pamaso pa onse. Zolowa zicokera ku copereka ca pa caka ca membala ali yense, ku kandalama kamene wosewera alipira tsiku la masewera, ku zakumwa zogulitsidwa m'nyumba ya kalabu, ku maphwando, ndi kwa eni masitolo ofuna kuti maina ao alembedwe pa mpanda. Zotuluka nzambiri: mipira yatsopano, dothi, mbeu, mafuta a makina, magetsi, ndiponso inshuwalansi, popeza mpira ungaswe galasi la galimoto kapena kubvulaza wopita m'njira. Makina omwetera akafa pakati pa cirimwe, ndalama zosungidwa zaka zingapo zitha pa tsiku limodzi.

Makalabu ambiri ali m'magulu a mpikisano wa cigawo cao, ndipo ndandanda ya masewera a Loweruka icokera kwa oyendetsa mpikisanowo, amene naonso ngodzipereka. Masewera a cibwenzi a tsiku la Sabata apanganika ndi mlembi, polemberana ndi alembi a midzi ina. Pali midzi imene yakhala iri kucezerana motero caka ndi caka kuyambira nthawi ya agogo ao.

Kukonzekera

Mu Marici nthaka iyamba kufunda, ndipo nchito yotsendera iyamba. Imeneyi ifuna kuleza mtima. Wosamala bwalo ayamba ndi cigudumu copepuka, naonjeza kulemera kwace pang'ono-pang'ono. Nthaka iyenera kukhala ya cinyontho: ikakhala yonyowa kwambiri cigudumu cingoiphwanya ngati phala, ikauma sicimveka konse. Cigudumuco ciyenda pang'ono kuposa munthu woyenda pansi, uku ndi uku, m'litali ndi m'mimba, maora ambiri-mbiri m'mphepo yozizira.

Kusanafike kutsegulira, pakhala tsiku limodzi limene mamembala onse aitanidwa kudzathandiza. Lifanana ndi dima, koma munda wace ulibe mwini mmodzi. Ena atsuka nyumba ya kalabu, ena akonza mipando ndi mpanda, ena amanga maukonde ophunziriramo kumenya mpira. Ena apaka utoto pa zochinga zazikulu zoyera zimene ziima ku malire, kumbuyo kwa woponya. Zochingazi nzofunika ndithu, cifukwa mpira ngwofiira, ndipo kumbuyo kwa woponya kukakhala mitengo yakuda womenya sauona msanga.

Masewera ayamba ku mapeto kwa Epulo, natha mu Sepitembala. Imeneyi ndiyo miyezi yofunda kumeneko, nthawi imene ku Zambia mvula yaleka ndipo anthu akolola ndi kuotha moto. Pichi iri yonse ifuna masiku khumi kapena masabata awiri kuti ikonzeke. Udzu wace aumweta motsitsa tsiku ndi tsiku kufikira utsala ngati tsitsi la mutu wometa, authirira, autsendera, nauleka kuti uume. Potsiriza alemba mizere yoyera yosonyeza poima woponya ndi womenya. Pamene pichi imodzi iri kuseweredwa, inzace ya masabata a kutsogolo yayamba kale kukonzedwa.

Tsiku la masewera

Nchito yaikulu ya kapitao icitika Lacinai ndi Lacisanu, pa lamya. Ayenera kupeza anthu 11, koma wina wapita ku ukwati, wina ali kukolola udzu wa ng'ombe, wina msana wamgwira. Cifukwa cace m'matimu ang'ono si cacilendo kuona mnyamata wa zaka 13 ali kusewera pamodzi ndi atate wace, ngakhale ndi agogo ace. Timu yolephera kukwanitsa osewera itaya masewerawo, ndipo ikacita motero kawiri-kawiri icotsedwa mu mpikisano.

M'bwalo muima oweruza awiri ochedwa maampaya. Iwo ayenera kudziwa malamulo 42 a kiriketi. Malamulowa analembedwa koyamba mu 1744, ndipo awasunga ndi a kalabu ya Marylebone, eni ace a Lord's, imene inayamba mu 1787. Ampaya aimirira masana onse, m'thumba muli timiyala kapena tindalama tisanu ndi kamodzi towerengera mipira ya mu ova, ndipo woponya amsungitsanso cisoti ndi juzi. M'matimu akulu maampaya atumidwa ndi oyendetsa mpikisano. Koma m'matimu ang'ono osewera a timu yomenya ndiwo asinthana kuweruza, ndipo apa mpamene mtima wa munthu uyesedwa. Mpira wagunda mwendo wa womenya, adani onse afuula kufunsa, ndipo womenyayo ndi mnansi wace wa ampaya, kapena mlamu wace. Akaona kuti mpira ukadagunda wiketi, ayenera kukweza cala, ngakhale adziwa kuti madzulo adzakwera galimoto imodzi pobwerera ku mudzi.

Pa khonde kapena m'kanyumba ka pansi pa bolodi mukhala alembi awiri a marani, mmodzi wa timu iri yonse. Mpira uli wonse woponyedwa ulembedwa m'buku: kadontho ngati sipanapezeke rani, nambala ngati zapezeka. Ampaya alankhula nao ndi manja. Akakweza manja onse awiri, ndi marani 6. Akagwedeza dzanja copingasa pa cifuwa, ndi marani 4. Akatambasula manja uku ndi uku, mpira wapita patali posafika womenya. Mlembi ayenera kuyankha cizindikiro ciri conse masewera asanapitirire, kotero sangacoke pa mpando ngakhale kucewukira mnzace wompatsa moni. Ova ikatha alembi awiriwo alinganiza mabuku ao. Zaka mazana awiri ndi theka zapitazo kunalibe mabuku otere: alembi anali kukhala pa udzu, nasema kamzere pa ndodo ndi mpeni pa rani iri yonse. Masiku ano ena alembera pa kompyuta, koma diso lifunika lomwe lija. Manambala a pa bolodi asintha ndi ana, amene malipiro ao ndi keke yotsala.

Tiyi

Timu yoyamba ikatha kumenya, onse alowa m'nyumba ya kalabu kukamwa tiyi. Osewera 22, maampaya awiri ndi alembi awiri, onse pamodzi anthu 26, ayenera kudya ndi kukhuta pa mphindi makumi awiri kapena atatu. Pa thebulo pali buledi wopakidwa ndi kuikidwa mazira, nyama kapena cizi pakati, masikono, makeke, ndi ketulo yaikulu. Wokonza zimenezi anagula zofunika dzulo lace, naphika m'mawa, ndipo osewera akabwerera m'bwalo iye atsala ndi mulu wa mbale.

Kwa zaka zambiri nchitoyi inali kugwera akazi, amai ndi alongo a osewera, ndipo kuyamika kwace kunali kocepa. Cikhalireco akazi anayamba kale kusewera kiriketi: mu 1745 atsikana a midzi iwiri ya ku Surrey anapikisana pafupi ndi tauni ya Guildford, ndipo nkhani yace inalembedwa m'nyuzipepala. M'makalabu ambiri tsopano osewera eni ace alandizana kukonza tiyi, ndipo ena ali ndi matimu a akazi ndi a atsikana.

M'caka ca 2020, cifukwa ca mliri wa COVID-19, masewera a m'midzi ya ku England sanayambe kufikira Julayi, ndipo kudyera pamodzi kunaletsedwa. Ali yense anadza ndi kamba wace. Ku mapeto kwa cakaco makalabu a ku Sussex anaponya voti kuti lamulo lokakamiza eni bwalo kukonzera alendo tiyi licotsedwe. Ofuna kulicotsa anati anthu okonza asowa ndipo ndalama zicepa. Okana anati mlendo sabwerera ndi njala. Mkangano unakula kufikira m'manyuzipepala a dziko lonse, voti inabwerezedwa, ndipo tiyi anabwerera. Mkanganowu unaoneka woseketsa kwa ena, koma unaulula cinthu coona: manja ogwira nchito za kalabu ali kucepa.

Mdani wa onsewa ndi mvula, imene ku Britain igwa mwezi uli wonse. Kiriketi saseweredwa pa nthaka yonyowa. Mitambo ikada, anthu athamanga kukankha zophimba za magudumu kuti zibise pichi. Mvula ikakana kuleka, masewera afa, ndipo nchito ya masabata awiri ya wosamala bwalo ipita pacabe pamodzi ndi makeke.

Ana

Kalabu yopanda ana iri ngati khola lopanda anaang'ombe. Madzulo a Lacisanu kapena m'mawa mwa Sabata bwalo lidzala ndi anyamata ndi atsikana, ndipo owaphunzitsa ndi makolo ndi osewera amene anapita ku maphunziro a nchitoyi pa nthawi yao ya kupuma. Munthu asanaloledwe kuphunzitsa ana, mbiri yace iyamba yafufuzidwa. Ana aang'ono ayamba ndi mpira wofewa, ndipo ali yense wosafika zaka 18 abvala cisoti colimba pomenya mpira weni-weni. Mu 2017 bungwe loyang'anira kiriketi ku England ndi Wales linayambitsa maphunziro a ana a zaka 5 kufikira 8, ochedwa All Stars Cricket, koma owayendetsa pa mudzi ndi anthu omwe aja odzipereka. Ambiri mwa anawo akakula apita ku makoleji ndi ku nchito za m'mizinda. Wophunzitsa akondwa ngati pa ana khumi patsala awiri.

Mlandu wa ku Lintz

Nthawi zina kalabu ingataye bwalo lace lomwe. Ku County Durham, dera la kumpoto kwa England limene kale linali la migodi ya malasha, kuli kalabu ya Lintz. Anthu anasewera pa bwalo lace zaka pafupi-fupi 70 popanda cobvuta, pakuti kuseri kwa malire kunali busa la ng'ombe. Mu 1972 pa busapo panamangidwa nyumba, ndipo mipira yomenyedwa mwamphamvu inayamba kugwera m'mabwalo a nyumbazo. Banja lina linadandaula kuti silingakhale panja masewera ali m'kati. Dandaulo lao linali lomveka, pakuti mpira wotere ukagwa pa mutu ungaphe munthu.

A kalabu anamanga mpanda wa waya wotalika pafupi-fupi mapazi 15, anapempha omenya kuti asakweze mpira, nalonjeza kulipira ciri conse cosweka. Komabe mipira ina inapyola. Mlandu unapita ku khoti, ndipo woweruza woyamba analamula mokomera banjalo, lamulo limene likadatseka masewera pa bwalopo. A kalabu anacita apilo. Mu 1977 oweruza atatu a khoti la apilo anaumva mlanduwo, wamkulu wao Lord Denning. Awiri mwa atatuwo anagamula kuti masewera apitirire, poona kuti bwalolo lipindulitsa mudzi wonse, akulu ndi ana. Koma kalabu inalamulidwa kulipira banjalo mapaundi 400. Ophunzira za malamulo m'maiko ambiri awerengabe mlandu umenewu. Kwa a kalabu unali mtolo wa makalata, misonkhano ndi ndalama, wosenzedwa ndi anthu ofika ku komiti atatopa kale ndi nchito zao za masana.

Ulendo wa ku Lord's

Pa masewera onse a caka, pali ena amene osewera a m'midzi awalota. Mu 1972 magazini yochedwa The Cricketer inayambitsa cikho copikisanirana midzi yokha-yokha, ndipo poyamba mudzi wololedwa unali wa anthu osapitirira 2,500. Caka coyambaco makalabu pafupi-fupi 800 analowa. Timu ikagonja kamodzi yatuluka. Midzi iyamba kupikisana ndi inansi yace, opambana napita kutali-kutali, kufikira patsala iwiri. Ndipo iwiriyo ikomana pa Lord's, pamene pasewera akatswiri a maiko. Woyamba kutenga cikhoci unali mudzi wa Troon ku Cornwall, dera la migodi ya tini, ndipo unacitenganso mu 1973 ndi mu 1976.

Kupambana kuonjeza nchito. Timu ikapitirira, msungi wa cuma afuna ndalama za basi, wosamala bwalo akonza pichi yoonjezera, ndipo okonza tiyi aphikira khamu la openyerera m'malo mwa anthu 26.

Mu 1985 ku masewera otsiriza kunafika mudzi umene Angelezi ambiri sanaumvepo, wa Freuchie, m'cigawo ca Fife ku Scotland. Anthu ambiri anali kuyesa kuti ku Scotland kuli mpira wa miyendo ndi gofu basi. Kucokera ku Freuchie kufika ku London ndi ulendo wa mamailosi oposa 400, koma anthu a pa mudzipo anapita ambiri kukacemerera timu yao, imene kapitao wace anali David Christie. Adani ao anali a Rowledge, mudzi wa kumwera kwa England.

A Rowledge anayamba kumenya, natuluka onse atapata marani 134. A Freuchie anatsata, ndipo pamene maova ao 40 anatha, naonso anali ndi marani 134 osaonjeza ngakhale imodzi. Tsiku limenelo timadontho ta alembi tinali ndi kulemera kwace, pakuti rani imodzi yoiwalika kapena yolembedwa kawiri ikadapereka cikho kwa eni ace olakwika. Lamulo la mpikisanowo linati marani akalingana, ipambana timu imene anthu ace otuluka ngocepa. A Rowledge anatuluka khumi, a Freuchie asanu ndi atatu. Motero cikho ca midzi cinaoloka malire kupita ku Scotland kwa nthawi yoyamba. Kalabu ya Freuchie inayamba m'caka ca 1908, kotero kuti pamene cikhoco cinafika pa mudzipo, kalabuyo inali ndi zaka 77.